Kuyeretsa Ndevu, Kuwotcha Nkhope: Mankhwala Amene Akudutsa pa Chipata cha Mwanza

Msewu wa M6, umene umapatuka pa Zalewa kuchoka mumsewu wochokera ku Blantyre, umakathera pa chipata cha Mwanza, pamene malole a mafuta, feteleza ndi simenti amandanda usana ndi usiku kudikira kuti mapepala awo adindidwe, osintha ndalama akuzungulirazungulira ndi mipukutu ya makwacha, meticais ndi marandi, ndipo amayi atayala milu ya manachesi m'mbali mwa phula nyengo yake ikakwana. Makilomita angapo kutsogolo kuli Zóbuè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo kuchokera pamenepo msewu umapitirira mpaka mumzinda wa Tete, ku Nyamapanda, Harare, Beitbridge ndi Johannesburg, kumene Amalawi amangokutchula kuti ku Joni.

Katundu wamkulu amaonedwa ndi aliyense ndipo amalowa m'mabuku a msonkho.

Koma pali katundu wina amene amakwanira m'chikwama cha m'manja kapena pakati pa mabulangete m'katoni ya transipota: timachubu ta kirimu, timabotolo ta madzi oyera ngati mkaka ndi timapaketi ta ufa, zimene ulendo wake umakathera pa mabenchi a mumsika, m'timagolosale ndi m'masaluni a pa boma la Mwanza, zina n'kupitirira mpaka ku Limbe ndi ku Blantyre. Ena mwa mankhwalawa amagulidwa ndi amayi amene ali ndi vuto limene silikambidwa pagulu, ubweya umene umamera pamwamba pa mlomo, pachibwano ndi m'masaya, womwe ukakhwima anthu saopa kuutchula kuti ndevu, ngakhale mwini wake ali pomwepo.

Mayi wotere amakhala ndi njira zingapo, monga kumeta, kuzula kapena kungozisiya, koma pali njira ina imene yafala kudzera m'mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook, yomwe ndi kuuyeretsa ubweyawo kuti usamaoneke. Njirayi imamveka yofatsa chifukwa sifuna lezala ndipo situlutsa magazi, komabe pakhungu lakuda ndi imodzi mwa njira zimene phindu lake n'lochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zingawonongeke.

Kuti zimenezi zimveke, pafunika kudziwa chimene mankhwalawa amachita. Tsitsi ndi ubweya zimada chifukwa cha melanin, utoto umene thupi limapanga lokha, womwenso umapatsa khungu mtundu wake ndi kuliteteza ku ukali wa dzuwa. Kirimu woyeretsera ubweya wa kumaso amabwera m'zigawo ziwiri zimene zimasakanizidwa nthawi yomweyo yogwiritsa ntchito. Chigawo choyamba chimakhala ndi hydrogen peroxide, madzi aukali amene Louis Jacques Thénard wa ku France anawatulukira mu 1818, omwewa amene amachita thovu akathiridwa pabala atasungunulidwa kwambiri. Chigawo chachiwiri ndi ufa umene umatulutsa ammonia, mpweya wa fungo loboola mphuno, umene ntchito yake ndi kufufumitsa ndi kutsegula khungwa la tsitsi kuti peroxide alowe mkati n'kukaphwanya melanin.

Ubweyawo suchoka, sufupika, ndipo muzu wake sukhudzidwa n'komwe.

Umapitiriza kukula monga kale, kotero kuti pakatha masabata ochepa kumunsi kwake kumaonekanso kuda, ndipo mayi amayenera kubwereza mwambo wonsewo pakhungu lomwe lija.

Njirayi inakonzedwera anthu a khungu loyera. Kirimu wotchuka wa Jolen anayambira ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo ku India, kumene dzina la Fem limadziwika m'nyumba zambiri, amayi amagwiritsa ntchito mankhwala otere pa ubweya wopyapyala wa m'masaya. Maganizo ake ndi akuti ubweya ukayera ufanane ndi khungu, usowe m'maso mwa woyang'ana. Pankhope ya mayi wa ku Mwanza zotsatira zake zimatembenuka, pakuti tsitsi lakuda bii silifika pa kuyera mwachindunji: limayamba lafiira, kenako n'kukhala ngati khungwa la nachesi lakupsa, pambuyo pake n'kusanduka lachikasu. Ubweya wakuda pakhungu lakuda umabisika ndithu kwa munthu woima patali, pamene ubweya wachikasu pakhungu lomwelo umanyezimira dzuwa likauwomba.

Ndevu zokhwima za pachibwano ndiye zimakana kwambiri, ndipo apa ndi pamene ngozi imayambira, chifukwa mayi akaona kuti mtundu sunasinthe mokwanira amawonjezera ufa, amasiya mankhwala pankhope nthawi yoposa imene yalembedwa, kapena amabwereza tsiku lomwelo pakhungu limene latenthedwa kale.

Palinso vuto lina limene limabadwa chifukwa cha kusowa ndi kudula kwa kirimu wokonzedwera nkhope. Chimene chimapezeka mosavuta m'saluni ndi mankhwala oyeretsera tsitsi la kumutu, ufa wabuluu kapena woyera umene umasakanizidwa ndi madzi a m'botolo otchedwa divelopa, omwe atsikana ndi anyamata amasandutsira tsitsi lawo kukhala lagolide. Pa botolo la divelopa pamalembedwa nambala 10, 20, 30 kapena 40, ndipo manambalawa amasonyeza mphamvu: 10 ndi peroxide wa 3 peresenti, 20 ndi 6 peresenti, 30 ndi 9 peresenti, pamene 40 ndi 12 peresenti. Malamulo a mayiko a European Union, amene makampani ambiri opanga zodzoladzola amawatsatira, amalola peroxide wofika 12 peresenti m'mankhwala a tsitsi, koma m'mankhwala opaka pakhungu malire ake ndi 4 peresenti basi. Munthu amene wapaka divelopa wa nambala 40 pamwamba pa mlomo ndiye kuti waika pamalo ofewa kwambiri mphamvu yoposa malirewo katatu.

Katundu wolowa kuchokera mbali ya Mozambique amalembedwa m'Chipwitikizi, kotero kuti pa botolo pamaoneka mawu akuti água oxigenada ndipo pa paketi ya ufa pamalembedwa pó descolorante, pamene zodzola zambiri zochokera ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa zimalembedwa m'Chifalansa. Chenjezo lingakhalepo ndithu, lofotokoza kuti mankhwalawo asayandikire maso kapena asapakidwe pakhungu la zilonda, koma kwa wogula amene amawerenga Chichewa ndi Chingerezi chochepa chenjezolo ndi zokongoletsa botolo chabe. Zikafika poti wogulitsa wagawa ufawo m'timajumbo ting'onoting'ono kuti aliyense akwanitse kugula, dzina, malangizo ndi tsiku lothera mphamvu zimatsalira pa chitini chimene wogulayo sadzachiona.

Malangizo amachokera kwa mnzake. Mwambi umati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma pankhani iyi kawirikawiri mnzakeyo ndi amene amabwera ndi machesi, ali ndi mtima wabwino ndithu.

Ufa woyeretsera tsitsi la kumutu umakhala ndi mchere wa gulu la persulfate, umene madokotala a khungu amaudziwa bwino chifukwa cha mavuto amene umayambitsa. Kwa ena umangoyabwa ndi kufiiritsa khungu, koma kwa ena thupi limaukana kotheratu, ndipo kukana kumeneku kumakula ulendo uliwonse umene munthu wakhudzana nawo, moti amene sanamve kanthu ulendo woyamba angathe kutupa milomo ndi zikope ulendo wachitatu, kutuluka zidzolo thupi lonse, kapena kubanika. Kutupa kwa milomo, lilime kapena kukhosi kophatikizana ndi kupuma movutikira ndi ngozi yofuna chipatala nthawi yomweyo, osati mankhwala a pagolosale. Pamwamba pa mlomo ndi pakhomo penipeni pa mphuno, choncho munthu wa mphumu amene wapaka mankhwalawa amapuma mpweya wake kwa mphindi zonse zimene akudikira.

Amene amakhudzana ndi ufawu kwambiri si makasitomala koma atsikana ogwira ntchito m'masaluni, amene amausakaniza ndi manja opanda magolovesi m'kachipinda ka malata kopanda zenera lokwanira. Kusweka kwa khungu la m'manja, chimfine chosatha ndi mphumu yoyamba munthu atakula kale ndi matenda odziwika pakati pa okonza tsitsi m'mayiko ambiri, ndipo persulfate ndi mmodzi mwa oyambitsa ake akuluakulu.

Komabe chovuta chimene chimagwera amayi ambiri a khungu lakuda si kubanika kapena matuza, koma chimene chimatsala moto utazima. Khungu lakuda likapsa, likatupa kapena likakandika, timaselo timene timapanga melanin timadzidzimuka n'kuyamba kupanga utoto wochuluka pamalo povulalapo, ndipo chilonda chikapola pamatsala banga lakuda kuposa khungu lozungulira. Banga lotere lingathe miyezi yambiri, nthawi zina chaka kapena kuposerapo, makamaka ngati likuwombedwa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku, monga zimakhalira kwa mayi wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu kapena wolima m'munda. Likakhala pamwamba pa mlomo, bangalo limatenga maonekedwe enieni a ndevu zimene mayi ankafuna kubisa, kusiyana kwake n'kwakuti ili silimeteka.

Ngati kupsako kwalowa mkati, pangatsale chigamba choyera pamene utoto wafa, kapena chipsera chotupa ndi cholimba chimene chimakula kupitirira malire a bala, chotchedwa keloid, chomwe chimakonda anthu akuda ndipo m'mbali mwa nsagwada ndi amodzi mwa malo amene chimamera.

Za maso n'zosachita kufotokoza zambiri: dontho la mankhwalawa likalowa m'diso liyenera kutsukidwa ndi madzi oyera ochuluka kwa mphindi zosachepera 15, kenako munthuyo apite kuchipatala. Ndipo popeza zonsezi zimatchedwa zoyeretsa, pafunika kunena mosabisa kuti Jik ndi mankhwala ena ochapira zovala ndi a mtundu wina kotheratu, a chlorine, amene amadya khungu, ndipo akasakanizidwa ndi chinthu chokhala ndi ammonia amatulutsa mpweya wa poizoni.

Sikuti kirimu wokonzedwera nkhope ndi woopsa kwa aliyense. Mayi wa khungu lowala mwachibadwa, amene ubweya wake ndi wopyapyala, angamugwiritse ntchito popanda vuto ngati watsatira zimene opanga amalemba, ndipo zimene amalembazo zili ndi zifukwa zake. Amati munthu ayambe wayesa pang'ono mkati mwa mkono n'kudikira tsiku lathunthu, chifukwa kukana kwa thupi sikuonekera nthawi yomweyo. Amati mankhwala asapitirire mphindi zolembedwa, zomwe kawirikawiri zimakhala pafupifupi 10, ndipo achotsedwe ndi madzi ozizira akangoyamba kuwotcha, pakuti kuwotcha si umboni woti akugwira ntchito monga ena amalimbikitsirana. Amaletsanso kupaka pakhungu la ziphuphu, la zilonda, lometedwa kapena lozulidwa kumene, ngakhale lotenthedwa ndi madzi osamba, chifukwa pamenepo chitetezo cha khungu chimakhala chotseguka.

Lamulo lomalizali ndi limene limavumbula nkhani yaikulu ya pa Mwanza, chifukwa pali gulu la amayi amene khungu lawo ndi lotseguka masiku onse, ndipo ndi gulu lomwelo limene limadabwa ndi ubweya wachilendo kumaso.

Awa ndi amayi odzola mafuta oyeretsa khungu.

Pa benchi yomweyo imene pamagulitsidwa divelopa pamakhala timachubu ta mayina odziwika monga Movate, Betasol, Diproson ndi Epiderm, timene ambiri amatiyesa zodzoladzola pamene ndi mankhwala a chipatala. Muli clobetasol kapena betamethasone, mankhwala amphamvu a gulu la steroid, amene ntchito yake yeniyeni ndi kuziziritsa matenda otupitsa khungu kwa masiku owerengeka motsatira malangizo a dokotala, ndipo clobetasol ali m'gulu lamphamvu kwambiri mwa onse, losayenera kudzolwa kumaso mwachisawawa. Kuwala kwa khungu kumene ogula amakufuna ndi chimodzi mwa zoipa za mankhwalawa, osati cholinga chake: amafinya timitsempha ta magazi, amafooketsa timaselo ta melanin ndipo amapyapyalitsa khungu.

Zoipa zinazo zimabwera pambuyo pa miyezi. Khungu limapyapyala mpaka timitsempha tofiira timaonekera, ziphuphu zimabuka, mizere yong'ambika imatuluka m'khwapa ndi m'ntchafu, mabala amachedwa kupola, chipere chimafalikira mobisika chifukwa mankhwala aphimba kuyabwa kwake, ndipo m'masaya, m'mbali mwa makutu ndi pachipumi pamayamba kumera ubweya wautali umene kale kunalibe. Ubweyawu umaoneka kwambiri chifukwa tsopano wamera pakhungu loyezuka. Amene amadzola thupi lonse kwa zaka, mankhwalawa amalowa m'magazi n'kuyambitsa kuthamanga kwa magazi, shuga, kunenepa kwa nkhope ndi kufooka kwa tiziwalo ta pamwamba pa impso timene timapanga mahomoni othandiza thupi pa nthawi ya matenda.

Ndiye kuti mayi amagula kachubu koyamba kuti awale, kachubuko n'kumumeretsa ubweya, iye n'kubwereranso kukagula mankhwala achiwiri oti abise ubweyawo, ndipo mankhwala achiwiriwa amagwera pakhungu limene loyamba lija lalisandutsa lopyapyala ngati la khanda. Kupsa kumene kukanakhala kufiira kwa tsiku limodzi kumasanduka chilonda, chilondacho chimasiya banga, ndipo bangalo limamutumanso kukagula kachubu kena koyeretsa. Wogulitsa yekha ndi amene sataya kanthu pa kuzungulira kumeneku.

Kusiya nakonso kuli ndi zowawa zake. Nkhope imene yazolowera steroid ikamanidwa mwadzidzidzi imafiira, imawotcha, imasenda ndipo imada kuposa kale, zimene zimachititsa ambiri kuganiza kuti mankhwala aja ndiwo ankawateteza, n'kubwererako. Amene wadzola kwa nthawi yaitali, makamaka thupi lonse, amafunika kusiya pang'onopang'ono mothandizidwa ndi achipatala. Ubweya umene unabwera ndi mankhwalawa nthawi zambiri umachepa wokha pakapita miyezi munthu atasiya.

Mafuta ena oyeretsa khungu, monga Caro Light, amadalira hydroquinone, mankhwala amene amatseka njira yopangira melanin. Mbiri yake ili kumapeto kwa msewu womwewu. Mu 1975 dokotala wa khungu wa ku Pretoria, George Findlay, pamodzi ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa amayi akuda a ku South Africa amene nkhope zawo zinachita mawanga akuda mobiriwira ndi tiziphuphu tolimba m'masaya atadzola hydroquinone kwa zaka, matenda otchedwa ochronosis, amene ndi ovuta kwambiri kuwachiza. Mu 1990 dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola, n'kuletsanso otsatsa malonda kunena kuti mafuta awo amayeretsa khungu. Mayiko a European Union analetsa mu 2001, Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwalanda m'misika mu 2018. Ngakhale zili choncho, m'misewu ya Johannesburg mafutawa amagulitsidwabe, ndipo basi imene imabweretsa mafiriji ndi mabulangete ingawabweretsenso.

Wachitatu pa gululi ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene chimaikidwa m'sopo ndi m'makirimu ena oyeretsa, chomwe chimawononga impso ndi mitsempha ya ubongo ndipo chimafika kwa mwana wosabadwa. Pangano la mayiko la Minamata la mu 2013 linaletsa zodzola zokhala ndi mercury woposa gawo limodzi pa magawo 1 miliyoni, ndipo pa msonkhano wa ku Geneva mu 2023 mayiko anagwirizana kuti pofika 2025 zodzola zonse zothiridwa mercury zithe. Opanga mafuta otere kawirikawiri salemba dzina la chitsulochi pa chikuto.

Oyang'anira alipo. Pa chipata pali bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority ndi la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziona ubwino wa katundu, pamene mankhwala a chipatala ali m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linabadwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Chovuta n'chakuti katunduyu amayenda pakati pa maina awiri, pa chipata n'kukhala zodzoladzola pamene mkati mwake ndi mankhwala ofuna chikalata cha dokotala, ndipo amalowa pang'onopang'ono, madazeni awiri apa, atatu apo. Kuwonjezera apo, malire a Mwanza ndi Mozambique si mpanda: anthu a mbali ziwirizi ndi apachibale, amamvana chinenero, amakwatirana, amagulitsana m'misika, ndipo njira za njinga ndi za miyendo zimene zimalumikiza midzi yawo sizidutsa pa ofesi ya munthu aliyense.

Koma si mayi aliyense wa ndevu amene anadzolapo mafuta oyeretsa, ndipo kungakhale kulakwa kwakukulu kuwaloza chala onse. Ambiri ndi chibadwa chabe, choyenda m'magazi a banja, ndipo ena ubweya umayamba kukhwima akasiya kusamba, pamene mahomoni achikazi achepa. Mahomoni ndi timadzi timene tiziwalo tina timathira m'magazi kuti tilamulire kakulidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi, ndipo mkazi aliyense ali ndi mahomoni achimuna pang'ono, monga testosterone. Akachuluka, kapena mizu ya ubweya ikamawamva kwambiri, cheya chofewa cha pachibwano, pachifuwa ndi pamimba chimasanduka tsitsi lokhwima. Madokotala amatchula vutoli kuti hirsutism, ndipo limapezeka mwa amayi pakati pa 5 ndi 10 mwa 100 aliwonse a msinkhu wobereka. Muyeso umene amagwiritsa ntchito poona kukula kwake unakonzedwa ndi Ferriman ndi Gallwey mu 1961.

Choyambitsa chachikulu, mwa amayi pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse amene ali ndi vutoli, ndi matenda otchedwa polycystic ovary syndrome, mwachidule PCOS, amene Irving Stein ndi Michael Leventhal anawafotokoza ku Chicago mu 1935. Pa matendawa mazira sakhwima bwino m'thumba lake, msambo umabwera modumphadumpha kapena kusowa kwa miyezi, ziphuphu zimachuluka, thupi limanenepa mosavuta, ndipo khungu la m'khosi ndi m'khwapa lingade n'kukhala lokhuthala. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amagwira amayi pakati pa 6 ndi 13 mwa 100 aliwonse a msinkhu wobereka, ndipo mpaka 70 mwa 100 a amayi amenewa sadziwa kuti ali nawo. PCOS ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene amayi amavutikira kutenga pakati, komanso imawonjezera chiopsezo chodwala shuga.

M'dera limene mkazi wosabereka amanyamula yekha mlandu wa banja lonse, mfundo imeneyi si yaing'ono. Mayi angathe zaka akuyendera azitsamba pofunafuna mphatso ya mwana, kwinaku akubisa ndevu zake m'saluni, osadziwa kuti mavuto awiriwa ndi amodzi, ndiponso kuti chimene akubisacho ndi chizindikiro chimene chikanathandiza wachipatala kupeza gwero lake. Ubweya woyeretsedwa kapena wozulidwa dzulo lake suoneka m'chipinda cha dokotala, ndipo ngati mayiyo achita manyazi kuutchula, funso lake silifunsidwa.

Pali zizindikiro zina zosafuna kuzengereza. Ndevu zimene zabuka mofulumira m'miyezi yochepa, makamaka pamodzi ndi kukula kwa mawu, dazi, kutha kwa msambo kapena kusintha kwa ziwalo zobisika, zingasonyeze chotupa m'thumba la mazira kapena m'tiziwalo ta pamwamba pa impso, zomwe sizichitikachitika koma zimafuna kupimidwa msanga. Mankhwala ena a chipatala nawonso amameretsa ubweya, monga phenytoin wa matenda a khunyu, minoxidil ndi mapiritsi a prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, koma amene akumwa mankhwala otere sayenera kuwasiya yekha, pakuti kugwa khunyu pafupi ndi moto n'koopsa kuposa ndevu. Poyambira pake ndi pa chipatala cha boma cha Mwanza kapena chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo zofuna akatswiri zimatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Wopita kumeneko amathandiza kwambiri akanyamula timachubu ndi timabotolo tonse timene wakhala akudzola.

Chithandizo chilipo, ngakhale chimafuna kudekha. Mapiritsi olera okhala ndi mahomoni awiri amachepetsa mphamvu ya mahomoni achimuna, koma si oyenera aliyense, makamaka amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo wachipatala ndi amene amasankha. Spironolactone amathandizanso, koma ndi woletsedwa kwa mayi woyembekezera kapena amene akufuna pakati chifukwa angasokoneze kakulidwe ka mwana wamwamuna m'mimba. Kwa amene ali onenepa, kutsitsa thupi ngakhale ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 kumathandiza kuti msambo ubwerere m'malo mwake. Zonsezi sizionetsa kusintha pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa tsitsi limene lamera kale liyenera kutha moyo wake kaye.

Podikira miyezi imeneyo, njira imene amayi ambiri amaiopa kwambiri ndiyo yosavulaza kwenikweni. Chikhulupiriro chakuti kumeta kumachulukitsa ndi kukhwimitsa ndevu chinayesedwa kalekale, kuyambira pa kafukufuku wa Mildred Trotter ku America mu 1928, ndipo chinapezeka chopanda maziko: lezala imadula tsitsi pakati pamene ndi lonenepa, kotero kuti nsonga yake imamveka yolasa, koma chiwerengero, mtundu ndi liwiro la kakulidwe sizisintha. Vuto lenileni la kumeta kwa anthu a tsitsi lopotana ndi lakuti tsitsi lodulidwa pafupi kwambiri limapindika n'kulowanso m'khungu, n'kuyambitsa tiziphuphu timene abambo amatidziwa bwino, ndipo n'chifukwa chake kudula ndi kasizasi kapena makina ometera osafika pakhungu kumaposa kupala ndi lezala. Kuzula nakonso kumabweretsa tiziphuphu tomweti ndi mawanga ake, pamene makirimu osungunula tsitsi, monga Veet, amawotcha ngati munthu watenga wa m'miyendo n'kupaka kumaso.

Makina a laser, amene amapezeka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, amawononga muzu wa tsitsi potsata melanin, ndipo pakhungu lakuda pamafunika mtundu wa Nd:YAG kuti khungulo lisapse limodzi ndi tsitsi. Tsitsi loyeretsedwa ndi peroxide limakhala litataya utoto umene kuwala kwa makinawo kumatsata, choncho amene akuganiza za njirayi amauzidwa kuti asiye kuyeretsa ndi kuzula kwa masabata angapo asanayambe.

Palinso kirimu mmodzi amene amachedwetsa kukula kwa ubweya wa kumaso, ndipo mbiri yake imaonetsa mmene msika wa mankhwala umayezera nkhope ndi moyo. Mankhwala a m'kirimuyu, eflornithine, anavomerezedwa mu 1990 ngati mankhwala a matenda a kaodzera, amene amafalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, ndipo ankadzutsa odwala amene anali atakomoka kale. M'zaka za m'ma 1990 kampani yopanga inasiya kumupanga chifukwa odwalawo, anthu a m'midzi ya ku Congo, Angola ndi Sudan, analibe ndalama zogulira. Mu 2000 mankhwala omwewo anatulukiranso ku America m'dzina la Vaniqa, kirimu wa amayi ofuna kuchepetsa ubweya wa kumaso, ndipo phokoso limene linabuka, lotsogozedwa ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, linathandiza kuti mu 2001 kampani ya Aventis igwirizane ndi World Health Organization zoyambanso kupanga mankhwala a odwala kaodzera. Mtundu wa kaodzera umene umapezeka ku Nkhotakota ndi ku Rumphi ndi wina, umene eflornithine saugonjetsa, ndipo kirimuyo, kwa amene angamupeze ndi kumukwanitsa, amafuna kudzolwa kawiri pa tsiku mosalekeza, chifukwa akangosiyidwa ubweya umabwerera mmene unalili pakatha pafupifupi masabata asanu ndi atatu.